Chala cha Mfumu m'Kapu ya Mkaka

Ufumu wa Tilibwino uli kuseri kwa mapiri amene ojambula mapu anachita nawo ulesi. Dzinali silinabwere mwangozi. Kumeneko munthu akakupatsa moni, yankho lovomerezeka ndi limodzi lokha, moti ngakhale wodwala amene wanyamulidwa pa machira amayenera kudzutsa mutu ndi kunena kuti ali bwino, kaya onyamulawo. Wolamula dzikolo pa nthawi ya nkhani yathuyi anali Mfumu Ndakhuta Wachiwiri, munthu wa mtima wabwino kwambiri akangomaliza kudya.

Zonse zinayamba ndi keke. Mfumu ya dziko loyandikana nalo la Tatukuka inabwera kudzacheza, ndipo kunyumba yachifumu anaphika keke yaikulu yoti alendo akasimbe kwawo. Koma pofika pa tebulo, kekeyo inali italowa pakati ngati chipewa chimene wina wakhalira. Mlendo uja anadulako, nalawa, napukuta pakamwa mwaulemu, kenaka anafunsa kuti mkaka waufa anathiramo wochuluka bwanji. Anaitana wophika, amene anafika nayankha kuti anathiramo makapu anayi.

"Makapu?" inadabwa mfumu ya ku Tatukuka. "Mfumu mnzanga, kuno mukuphikabe ndi makapu? Kwathu tinasiya kalekale zimenezo. Ife timaphika ndi magalamu, pa sikelo. Kapu ndi yomwera madzi."

Mfumu Ndakhuta anaseka nawo, koma kunali kuseka kwa mano okha. Mlendo atangotuluka pa chipata, ng'oma inalira kuitanira nduna zonse ku bwalo la Vomerani, kumene nkhani zonse zazikulu za dzikolo zimakambidwa zitagamulidwa kale.

"Ndachititsidwa manyazi m'nyumba mwanga momwe chifukwa cha kapu," inatero mfumu. "Kuyambira lero, mkaka waufa m'dziko lino uzipimidwa ndi sikelo. Ndikufuna wina andiuze pompano: m'kapu imodzi muli magalamu angati?"

Nduna ya za Nkhondo inapereka maganizo oti kapuyo imangidwe kaye, ikafunsidwe bwino kuseri, iulula yokha. Nduna ya za Maulendo inati pafunika gulu la anthu makumi awiri likaphunzire za makapu kunja, makamaka ku maiko amene kuli mahotela abwino. Amene anapulumutsa bwalo anali a Chimphepo, Nduna ya Miyeso ndi Zopimapima, bambo wowonda miyendo koma wa mimba yotsogola. Iwowa anaitanitsa sikelo, thumba la mkaka ndi kapu ya chitsulo ya kukhitchini.

A Chimphepo anatunga mkaka m'thumba, nasalaza pamwamba ndi mpeni, nakhuthulira pa sikelo. Muvi unaima pa magalamu 125. Nduna zonse zinaomba m'manja ngati zapima ndi izo.

Mfumu nayo sinafune kuti mbiri ya dziko ilembedwe popanda dzanja lake. Inatenga kapu ija, inatunga, kenaka inatsendereza mkakawo ndi chala chake chachikulu, chala chimene chinali chisanagwirepo khasu koma chinali ndi mnofu wokwanira. Mkaka unatsika. Anaonjezera, mfumu inatsenderezanso, mpaka kapu inalimba gwa. Pa sikelo muvi unathamanga mpaka pa magalamu 170. Nduna zinaombanso m'manja, mwamphamvu kuposa poyamba, ngakhale zina zinayamba kuyang'anana.

Apa a Chimphepo anaona kuti mkaka wina wa m'thumba unali ndi mibulu. Anati n'kupanda ulemu kupima mibulu pamaso pa mfumu, choncho anaitanitsa sefa, naikweza m'mwamba, nasefera mkaka m'kapu pang'onopang'ono mpaka inadzadza. Unali mkaka wokongola, wofewa, wongouluka ukaupumira. Pa sikelo unakwana magalamu 90.

Ulendo uno palibe anaomba m'manja. Kapu inali yomweyo, mkaka womwewo, sikelo yomweyo, koma mayankho atatu. Nduna ya za Nkhondo inanong'oneza mnzake kuti inanena kale kuti kapuyo ndi youkira.

"Mbuye wanga," anatero a Chimphepo atagwada, "m'dziko losauka kapu imakhala ndi yankho limodzi. Kuno Mulungu watidalitsa ndi atatu, ndipo lililonse lili ndi ntchito yake. Kapu yotsendereza ija yakhudzidwa ndi chala chanu, ndiye siyenera kutuluka kunja kwa mpanda. Imeneyo ikhale ya mkaka wopita kukhitchini yachifumu. Kapu yosefa ndi yofewa, yopanda mibulu, yaukhondo. Imeneyo tipatse anthu anu, chifukwa mumawakonda."

"Nanga yapakati ija?" inafunsa mfumu.

"Imeneyo tiziuza alendo, Mbuye."

Mfumu inakondwa kwambiri moti inaitanitsa tiyi. Madzulo a tsiku lomwelo olengeza anayenda m'misewu yonse kufuula kuti kapu yathetsedwa ndipo dziko lalowa m'chitukuko.

Tsono kumunsi kwa mzinda, m'dera la Pilirani, pafupi ndi msika wa Tidyenji, kunali Nyumba ya Phala. Kumeneko kunkapita ana amene sikelo ya kuchipatala yawapeza opepuka. Lamulo lakale linkati mwana aliyense wotere azilandira kapu imodzi ya mkaka waufa patsiku, wothira m'phala lake. Wophika phalalo anali Mayi Chikopa, mzimayi wa mawu aakulu amene ankakalipira aliyense koma sankamana munthu. Kapu yawo ankaipima mmene anaphunzirira kwa amene anawasiyira ntchitoyo: kuimiza m'thumba mpaka chigongono, kuigogoda pa tebulo, kutsendereza ndi chikhatho, kenaka kuikapo basela pamwamba. Palibe anawafunsapo za magalamu, ndipo ana ankanenepa osawadziwa magalamuwo.

Mmodzi mwa ana amenewa anali Lonjezo, mwana wa Namaseko wogulitsa tomato pa msika wa Tidyenji. Mwamuna wa Namaseko anapita ku Tatukuka kukafuna ganyu, ndipo uthenga uliwonse wochokera kumeneko unkati anyamuka mawa. Lonjezo anali asanakwanitse zaka ziwiri pamene chikuku chinamugwetsa, n'kumusiya mafupa okhaokha. Namaseko anali ataika kale mwana wake woyamba m'manda m'nyengo ya njala, ndiye mtima wake wonse unali pa muvi wa sikelo ya kuchipatala. Ndi phala la Mayi Chikopa muvi uja unali utayamba kukwera, ndipo mwana anali atayambiranso kugwira zinthu zoletsedwa.

M'mawa wina matumba a mkaka sanafike. M'malo mwake kunafika bokosi la timapepala tapulasitiki tomangamanga, kalikonse ka mwana mmodzi. Mayi Chikopa anang'amba kamodzi, nakhuthulira m'kapu yawo, naigogoda pa tebulo monga mwa chizolowezi. Mkaka unakakhala pansi, kungopitirira theka pang'ono.

"Achimwene, kwinako kwatsalira kuti?" anafunsa Mayi Chikopa kwa mthenga wa ku nkhokwe.

"Ndi yonse imeneyo, mayi. Kapu imodzi yathunthu, magalamu 90. Vuto ndi inuyo, mwaigogoda."

"Ndiye ndisaigogode?"

"Musaigogode, musaigwedeze, ndipo ngati n'kotheka musaiyang'anitsitse. Komanso kapu yanuyo ndiyoletsedwa, bweretsani kuno."

Mthenga anapita nayo kapu ija. Phala la tsiku limenelo linatuluka lotuwa, ndipo ana, amene sadziwa kulemekeza malamulo, analira.

Pa msika wa Tidyenji nkhani inafika phala lisanazizire. Azakhali ake a wophika wa kunyumba yachifumu ankagulitsa anyezi pamenepo, ndiye za chala cha mfumu, za sefa ndi za makapu atatu zinadziwika kuyambira ku benchi ya nyama mpaka kwa osoka nsapato.

"Akuti mkaka wa ana athu tsopano ndi wofewa," anatero Nangozo, mnzake wa Namaseko wogulitsa masamba, amene nayenso anali ndi mwana wamkazi ku Nyumba ya Phala.

"Wofewadi," anayankha Namaseko akupanga milu ya tomato. "Dzulo wanga anamwa, anageya kamodzi, wonse unatuluka."

"Inu musadandaule," analowererapo bambo wina wogulitsa makala. "Mpweya umenewo m'maiko ena amagula. Kuno boma likuupereka ulere, wosakaniza ndi mkaka."

"Ndiye inunso muzisefa makala anuwo, bambo."

"Ndinayesa, mayi. Ogula anga si ana, amamenya."

Onse anaseka. Wapolisi atadutsa n'kuwapatsa moni, onse pamodzi anayankha kuti ali bwino, kaya iye.

Kumtunda zinthu zinali bwinodi. Nkhokwe yachifumu inayamba kutsala ndi mkaka wambiri, ndipo mkaka wotsala sukhala nthawi yaitali wopanda mwini. Makeke a kunyumba yachifumu anayamba kudzuka. Tiyi wa nduna anayera mpaka supuni kusaoneka. Akazi a nduna zina anatsegula timagolosale togulitsa mkaka m'timapepala tofanana kwambiri ndi ta ku nkhokwe, koma kufanana si mlandu. A Chimphepo anapatsidwa mendulo chifukwa chopulumutsa chuma cha dziko.

Mendulo ndi yokoma, ndipo amene walawa imodzi amafuna ina. A Chimphepo anatulukira kuti sefa ikakwera m'mwamba kwambiri, mkaka umagwera m'kapu mopepuka kwambiri. Anakwera pa tebulo pamaso pa bwalo lonse, nasefa, kapu inatsika kufika pa magalamu 80. Anapatsidwa mendulo yachiwiri. Mwezi wotsatira anabwera ndi makwerero, ndipo akalipentala anauzidwa kuti ayambe kuganizira zokweza denga la bwalo la Vomerani. Timapepala topita ku Pilirani tinkacheperachepera, koma pa kalikonse panali polembedwa bwinobwino kuti kapu imodzi.

Inali nyengo ya mvula, chimanga chili m'mawondo, m'nyumba zambiri moto ukuyaka kamodzi patsiku. Kwa ana ambiri a ku Pilirani phala lija ndilo linali chakudya chenicheni. Muvi wa sikelo ya kuchipatala unaima, kenaka unayamba kubwerera pansi. Namaseko ankamukoleka Lonjezo pa sikelo mtima uli m'mwamba. Anachita mantha, mantha enieni, chifukwa njira imeneyi anali ataiyendapo ndipo ankadziwa kumene imathera.

Mbiri yoti ana akupepuka inakwera phiri mpaka inafika m'makutu a mfumu pa nthawi yolakwika, isanadye. Ng'oma inaliranso.

"Ndamva kuti masikelo a kuchipatala akunena kuti ana a m'dziko langa akuwonda," inakalipa mfumu. "Kodi si sikelo yomweyi imene inatibweretsera chitukuko?"

"Mbuye wanga," anagwadanso a Chimphepo, mamendulo akulira pachifuwa, "cholakwa n'chakuti tikugwiritsa ntchito chida chimodzi pa zinthu ziwiri zosiyana. Mkaka tinauchotsa ku kapu kupita ku sikelo. Ndiye ana tiwachotse ku sikelo. Kodi mwana ndi nyama ya pa butchala kuti azikolekedwa? Mwana wa ku Tilibwino azipimidwa ndi malo amene akutenga m'dziko. Tizingozunguliza kachingwe pa mimba, basi. Ndaona ndi maso anga, Mbuye, mimba za ana a ku Pilirani zikukula tsiku ndi tsiku."

Apa a Chimphepo sananame. Masikelo onse a m'zipatala anasonkhanitsidwa n'kupita ku nkhokwe kukathandiza kupima mkaka, ndipo m'malo mwake munabwera tizingwe tokhala ndi mfundo. Pofuna kuti mfumu ya ku Tatukuka imve, analengezanso mpikisano wa Mwana Wonenepa wa Ufumu.

Nthawi imeneyi Lonjezo anali atasiya kuwonda n'kuyamba kutupa. Anayamba mapazi, kenaka miyendo, kenaka masaya ndi mimba. Tsitsi lake linafiira n'kumathothoka. Anasiya kusewera, anasiyanso kulira, ankangokhala pamene wamuika n'kumayang'ana khoma. Mayi aliyense wa ku Pilirani ankadziwa kuyesa kwake: kudina phazi la mwana ndi chala chachikulu n'kuchotsa. Namaseko ankachita zimenezi m'mawa uliwonse, ndipo m'mawa uliwonse pankatsala kadzenje kamene sikankabwerera.

Anthu a kachingwe atafika pa msika, anamupeza Lonjezo ali pa chitenje pansi pa benchi ya tomato. Anazunguliza chingwe pa mimba yake, mfundo zonse zinatha. Anaitana mkulu wawo, nayenso anapima, natulutsa maso.

"Mayi, mwachita mwayi," anatero mkuluyo. "Takhala tikuyenda dziko lonse, koma mwana wodzadza chonchi sitinamuone. Mumamudyetsa chiyani?"

"Zomwe boma limatipatsa, bambo," anayankha Namaseko.

"Mukanene zomwezo pamaso pa mfumu."

Iwo atachoka, Namaseko anakhala pa thumba la tomato n'kulira, osabisa nkhope. Nangozo anamugwira paphewa, nati asapiteko, anthuwo akufuna kuseweretsa mwana wodwala. Namaseko anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, nafunsa kuti mphoto yake akuti ndi chiyani. Wamakala uja anati wamva kuti ndi kapu ya mkaka tsiku lililonse, yochokera kunyumba yachifumu, kwa nthawi yonse imene mwanayo akhale katswiri.

"Kapu yake iti?" anafunsa Namaseko.

"Mukufunsanso? Kapu yotuluka kunja kwa mpanda ndi imodzi, yamakwerero."

Namaseko anamuyang'ana mwana wake nthawi yaitali, kenaka anapempha Nangozo kuti amubwereke chitenje chake chatsopano.

Tsiku la mwambo bwalo la Vomerani linadzadza. Kunali magule, kunali kwaya ya akazi a nduna, kunalinso kazembe wa ku Tatukuka amene anamukhazika kutsogolo kuti aone bwino. A Chimphepo analankhula nthawi yaitali za ulendo wa dziko kuchoka mu mdima wa kapu kulowa m'kuwala kwa magalamu. Kenaka anaitana Namaseko, amene anayenda chogwada mpaka pa mapazi a mfumu, Lonjezo ali m'manja.

Mfumu Ndakhuta, kunena zoona, ankakonda ana, makamaka a pa zithunzi. Anamuyang'ana Lonjezo, nasekerera, nati masaya ngati amenewa anali nawo iye ali mwana. Pofuna kumuseweretsa, anagwira kaphazi kake n'kukadina ndi chala chachikulu chija. Atachotsa chala, panatsala dzenje. Mfumu inadikira kuti libwerere. Silinabwerere. Azimayi onse amene anali pafupi anayang'ana pansi, chifukwa onse ankadziwa tanthauzo lake. Mfumu yokha ndi imene sinkadziwa, ndipo inatembenukira kwa a Chimphepo.

"Chozizwitsa!" anafuula a Chimphepo. "Anthu a ku Tilibwino, onani! Ngakhale thupi la mwana wosalankhula likukana kufufuta chidindo cha mfumu yake!"

Kwaya inayamba nyimbo pomwepo. Mfumu inayang'ana chala chake mwachikondi, ngati ikuchiona koyamba. Kenaka anabweretsa mphoto pa thireyi: kapu ya chitsulo ija ya kukhitchini, imene inaloledwa kutuluka tsiku limenelo chifukwa cha mwambo, yodzadza ndi mkaka wosefedwa m'mawa womwewo kuchokera pamwamba pa makwerero. Wonyamula thireyi ankayenda mopuma pang'onopang'ono kuopa kuuluza mphoto.

"Mayi, uli ndi mawu?" inafunsa mfumu.

"Alipo pang'ono, Mbuye wanga," anatero Namaseko. "Ine ndine munthu wa tomato, za magalamu sindizidziwa. Koma ndaona chala chanu chadalitsa phazi la mwana wanga. Ndikupempha kuti chala chomwecho chidalitsenso chakudya chake. Tamva kumsika kuti mkaka umene mwaukhudza inu ndi wosiyana ndi wina uliwonse."

A Chimphepo anatsegula pakamwa, koma mfumu inali itatambasula kale dzanja. Munthu amene wangouzidwa kumene kuti chala chake chimachita zozizwitsa simungamuletse kuchigwiritsa ntchito. Inadina pakati pa kapu. Chala chinalowa ngati chikulowa m'thovu la sopo, ndipo mkaka wonse unakakhala pansi, osafika ndi theka lomwe.

Bwalo lonse linaona. Kazembe wa ku Tatukuka anaona, nasuzumira kuti aonetsetse. Kwaya inasokoneza nyimbo.

"Chimphepo," inatero mfumu motsitsa mawu, "mphoto yanga ikuoneka yochepa pamaso pa alendo."

"Ndi mphamvu ya chala chanu, Mbuye. Mkaka wachita mantha."

"Ndiye onjezera wina wolimba mtima."

Anathamangira thumba. Anathira, mfumu inadina, anathiranso, inadinanso, thukuta lili kamukamu pa nkhope ya a Chimphepo, mpaka kapu inalimba gwa ngati tsiku loyamba lija. Mfumu, itamva nthungululu zenizeni kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, inatenthedwa mtima n'kulamula kuti kapu ya katswiri izikhala yotsendereza chomwecho tsiku lililonse. Kenaka inafunsa khamu lonse kuti lili bwanji, ndipo khamu linayankha monga mwa lamulo. Funso loti nanga makapu a ana ena onse aja ali ndi chiyani m'kati palibe analifunsa, poti silinali pa ndondomeko ya mwambo.

Kuyambira tsiku limenelo mthenga ankatsika phiri m'mawa uliwonse ndi kapu yolemera, nkhope ili gwa ngati akupereka wa m'thumba mwake. Mayi Chikopa analangiza kuti mwana wotupa samuthira chakudya ngati thumba, azimupatsa pang'onopang'ono, kochepa koma pafupipafupi. Namaseko ankamuphikira pa mbaula pambali pa benchi yake, kaphala kamadzimadzi poyamba, kenaka kolimbirako. Wotsala ankapatsira Nangozo mobisa, ngakhale sunali wokwanira ana awiri.

Poyamba sipanaoneke kusintha, ndipo Namaseko ankagona maso ali pa chifuwa cha mwana. Kenaka Lonjezo anayamba kukodza kwambiri, matewera osauma pa chingwe. Masaya anaphwa. Mimba inatsika, nthiti zinaonekera, khungu la m'miyendo linachita makwinya ngati la nkhalamba. Kwa munthu wodutsa, mwanayo ankaoneka woipa kuposa kale. Koma tsiku lina analira, kulira kwaukali kofuna chakudya, nalanda supuni m'manja mwa mayi ake. Tsiku linanso anakwawira pansi pa benchi, naluma tomato wamkulu kwambiri wa pa mulu wodula, ndipo Namaseko anamukalipira misozi ikutsika.

Anthu a kachingwe anabweranso mvula itayamba kudukiza, mtedza utakhwima m'minda ndipo maungu atayamba kuoneka pa msika. Anazunguliza chingwe pa mimba ya Lonjezo, amene anawamenya ndi supuni. Chingwe chinatsala chambiri, chikulendewera.

"Mayi, mwamutani katswiri wa dziko?" anakalipa mkulu uja. "Tinakusiyirani mwana wodzadza, lero tikupeza theka!"

"Ndi mkaka wa mfumu, bambo. Ndinangomupatsa monga inalamulira."

"Musanamizire mfumu! Mwawononga katundu wa boma!"

Mlandu wotere sukanatha mwakachetechete. Tsiku lomwelo wolengeza anaima pakati pa msika wa Tidyenji, naimba belu, nalengeza kuti mwana Lonjezo wachotsedwa pa udindo wa Mwana Wonenepa wa Ufumu chifukwa chophwa mopanda chilolezo, kuti kapu yachifumu yaimitsidwa, ndiponso kuti mayi ake achite manyazi. Namaseko anamvetsera mpaka kumapeto mwaulemu. Kenaka anakhala pansi, naika phazi la mwana wake pa bondo, nalidina ndi chala chachikulu pamaso pa msika wonse. Atachotsa chala, mnofu unabwerera nthawi yomweyo. Anadinanso, unabwereranso. Nthungululu imene anaimba inamveka mpaka kwa osoka nsapato, moti wolengeza uja anakanena kumtunda kuti mayiyo wapenga ndi manyazi.

Chisangalalo chake sichinapite patali, chifukwa atatembenuka anaona Nangozo ataima pambali, mwana wake wamkazi ali kumsana, timapazi totupa tikulendewera m'mbali. Anthu a kachingwe anali atamuona kale ndipo ankabwera akumwetulira.

"Asisi," anatero Namaseko akumasula chitenje chatsopano chija m'chiuno n'kumubwezera mwini wake, "mukakafika kumeneko musakalire. Mukagwade, mukayamikire chala, mukapemphe kuti adine mkakawo. Osaiwala, adine pamaso pa anthu."

"Nanga akapanda kutisankha?" anafunsa Nangozo.

Namaseko anayang'ana kumene mnzakeyo ankayang'ana. Kuyambira pa benchi ya masamba mpaka ku chipata cha Nyumba ya Phala, azimayi a ku Pilirani anali ataima pa mzere, aliyense ndi mwana wake m'manja, kudikira kachingwe. Mphoto inali kapu imodzi.

Madzulo ake olengeza anayenda m'misewu yonse ndi uthenga wosangalatsa wochokera kwa a Chimphepo, amene tsopano ankasefera mkaka ali pa denga: chiyambire ufumu wa Tilibwino, sikunakhaleko chaka chokhala ndi ana ambiri oyenera kupambana ngati chimenechi.